Kiyi wa Nyumba Yanga ya ku Nkhulambe

Amene akuti ndine wabodza asiye kaye kusoka ukondewo, aimirire, andiyang'ane m'maso muno. Palibe? Ndiye khalani chete, chifukwa chiyambire m'mawa mwakhala mukundiboola m'makutu ndi nkhani ya foni ya a Binali, akuti anaiika kunsi kwa pilo m'chimbowera, kanyumba kawo ka pamadzi kaja, akuti podzuka anapeza pilo yokhayokha, ndipo aliyense wa inu wasanduka mphunzitsi wa kasungidwe ka katundu, wina akuti akanaimanga m'chiuno, wina akuti akanaikwirira mu ufa. Ana inu! Pa dooko lonse lino la Chilwa, kuyambira kumene amayanika matemba uko mpaka ku minda ya mpunga, munthu amene anasungapo katundu usiku mbala n'kukhetsa misozi ndine ndekha, Mukhwapa, ndipo ndikanama mphenzi inditsikire pompano dzuwa likuswa mtengo. Musayang'ane nsanza zangazi. Ndinali ndi nyumba ine, ndinali ndi chitseko, ndinali ndi kiyi, ndipo za kiyiyo ndi zimene muti mumve, ngakhale kuti ndikazikamba chakudya sichinditsika pakhosi masiku awiri.

Ndinakwatira ku Nkhulambe, m'tsinde mwenimweni mwa phiri, kwawo kwa akazi anga amake Lusiya, ndipo moyo wa mkamwini mukuudziwa nokha: munda ndi wa eni, mango ndi a eni, mthunzi umene wakhalapo ndi wa eni, chako ndi khasu ndi msana. Koma m'nyumba mwathu munali chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkachiloza ndi mlomo, makina osokera opondera ndi phazi, akuda, olemera, amene amake Lusiya anawapeza ndi thukuta la kuthyola tiyi asanandidziwe ine. Makina amenewo ndiwo ankatidyetsa. Mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a ukwati, malaya a amayi a kutchalitchi, zigamba za mathalauza a mudzi wonse, zonse zinkadutsa pansi pa singano imeneyo, ndipo akayamba kuponda m'mawa, kulira kwake kunkamveka mpaka tsidya la malire, anthu a ku Mozambiki n'kumakonzera mawotchi awo. Chaka cha njala anzathu ankagona ndi mango owiritsa, ife tinkadya makaka a chinangwa ndi ndiwo. Makinawo akanapita ife tikanatha, ndipo mbala zonse za m'deralo zinkadziwa zimenezo.

Mkulu wa mbalazo anali Fulaye, munthu wowonda, wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankakupatsa moni masana, kukufunsa za kunyumba, usiku n'kubwera kudzaona ngati unanena zoona. Anayamba ndi njinga yanga. Ine ndinkagona nayo m'nyumba, nsonga ina ya chingwe ku fulemu, ina ku mwendo wanga, koma Fulaye ananyowetsa khoma la zidina ndi madzi a m'chigubu, analikumba ndi supuni mopanda phokoso, analowa, anamasula chingwe, anatulutsa njinga pa bowo loti mphaka sangadutse, anandimangirira thunthu la nthochi ku mwendo, anawakanso khoma n'kulizira bwinobwino. Ndipo ine m'mawa ndi tulo tangato ndinakwera thunthu lija, ndinapalasa mpaka ku Jenala, ndinanyamula ndi munthu pa kaliyala, ndinadzazindikira pobwerera pamene ndinafuna kuliza belu n'kupeza ndikufinya nthochi yaiwisi. Mukumva? Inu mukuseka, koma ine tsiku limenelo sindinaseke, chifukwa mlamu wanga, mchimwene wawo wa amake Lusiya, anandiimika pabwalo anthu ali tcheru, nati: "Alamu, njinga yanu yomwe yakukanikani kusunga. Nanga makina a mlongo wangawa? Tiwatenge azikagona kwathu, kumene kuli amuna."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa njinga. Ndinalumbira pamaso pa onse kuti makinawo sadzagona kwina, ndipo chala cha mbala sichidzawakhudza ine ndili moyo.

Nyumba ya zidina ija ndinaigumula tsiku lomwelo. Ndinaumba njerwa ndekha, ndinaziotcha mwezi wathunthu mpaka ukazigogoda zinkayankha, ndinamanga khoma lochindikala moti tambala akalira panja mbandakucha, kulira kwake kunkatipeza m'kati tikudya nkhomaliro. Mawindo ndinawachepetsa n'kuikamo zitsulo zothithikana, moti udzudzu ukafuna kulowa unkayamba wasala kudya masiku atatu. Chitseko chinali chachitsulo, chowotcherera, anachinyamula amuna khumi ndi awiri ndipo atatu mwa iwo mpaka lero amayenda chowerama. Loko ndinakagula pamsika kwa Che Ajibu, bambo wopemphera kasanu pa tsiku amene sanama, ndipo iwo eni anandiuza kuti loko ameneyu anamupangira chipata cha ndende koma akaidi anadandaula. Usiku uliwonse ndinkakokera makina pakati pa nyumba, ndinkapisa tcheni m'zigwiriro za chitseko cham'kati, loko khethe! Kuyambira pamenepo nkhondo yonse inatsalira pa kanthu kamodzi kosaposa chala changa chaching'onochi, kiyi.

Poyamba ndinachita ngati a Binali, ndinamuika kunsi kwa pilo. Fulaye anabwera ndi nsungwi yaitali ya mbedza kunsonga, anaipisa pa windo, anayamba kuwedza monga muchitira inu ndi milamba: anawedza thalauza langa, anawedza bulangete tili chifundire, anawedza nsapato imodzi, anawedza ndi mkonono wanga womwe n'kuusiya panja ukulira wokha kuti agalu asamve mapazi ake, ndipo mbedza itafika pa pilo ine ndinadzidzimuka, ndinailuma ndi mano, tinakokana usiku wonse, iye kunja ine m'kati, mpaka nyumba inasuntha mapazi asanu kulowera kumadzulo, n'chifukwa chake mlamu wanga anadzandiimba mlandu wolowerera malire a munda. Mano awiri akutsogolowa anapita usiku umenewo. Kiyi sanapite.

Ndinaona kuti pilo ndi bwenzi la mbala, ndiye ndinayamba kumumeza. Ee, kumeza, mukumva? Madzulo ndikatseka, kiyi pa lilime, madzi kapu imodzi, watsika. M'mawa kudzimenya pachifuwa katatu, kiyi uyo wagwera m'dzanja ali wofunda. Zinayenda bwino miyezi inayi, mpaka tsiku lina anaphonya njira n'kutsikira kumunsi, ndipo tinakhala m'nyumba yotseka masiku atatu, makasitomala akugogoda kufuna madiresi awo, mbuzi zikulira m'khola, ine ndikudya nyemba za kalongonda mphika wathunthu kuti ndimuthamangitse, m'mimba mukugunda ng'oma za tchopa moti achinyamata anasonkhana panja n'kuyamba kuvina, mpaka anatuluka, ndipo kumene anatulukira sindinena, pano pali amayi.

Tsiku limenelo amake Lusiya sanaseke. Anakhala pa mpando wa makina, manja ali pa maondo, nati: "Bambo a Lusiya, makinawa ndi chitsulo, sapuma mpweya. Ine ndimapuma. Ngati mukuopa mbala tsekani, sindikuletsani, koma pamene pagona kiyi ndizipadziwa nanenso."

Ndinawayankha kuti chinsinsi cha anthu awiri ndi cha mudzi wonse. Sindinkawanyoza ayi, Mulungu akuona. Koma amake Lusiya ankalankhula kutulo, ankatchula miyeso ya m'chiuno ya amayi onse a m'mudzi mmodzimmodzi, ndipo Fulaye anali ndi khutu loti nyerere ikatsokomola ku Migowi iye ankati pepani. Ndikanawauza madzulo, pakati pa usiku akanamuuza iye. Ndi mmene ndinkaganizira, ndipo ndinkadziona wochenjera kuposa anthu onse a m'tsinde mwa phiri.

Choncho ndinkadikira agone kaye, ndiye n'kubisa kiyiyo. Ndinamuika pansi pa nkhuku yofungatira pakona, nkhukuyo inaswa anapiye a milomo ya manomano, anatuluka m'mawa n'kuyamba kujompha maloko a mudzi wonse, magolosale onse a pamsika anapezeka ali chitsegulire, ndipo ndinachita kuwadya onse khumi ndi awiri tsiku limodzi kuti mlandu uthe. Ndinamupatsa mlamba wamoyo mu mtsuko kuti uzimuvumata, mlambawo unaphunzira kukankha chivundikiro, ndinaupeza pakati pa usiku utaima ndi mchira pa chitseko ukuyesa loko kuti uthawire kuno ku Chilwa. Ndinamumata kudenga ndi phula, ndinamuika m'chisa cha mavu, ndinamukwirira m'phulusa la moto, ndipo usiku wina ndinamubisa nditatsinzina kuti ngakhale ine ndisadziwe, m'mawa n'kuchita kudziopseza ndi chikwanje kuti ndiulule. Zaka zimenezo tulo teniteni sindinatione. Ndinawonda, maso analowa m'kati, kumunda ndinkalima ndikuwodzera, kutchalitchi ndinkapemphera dzanja lili m'thumba, kumaliro sindinkagonako ngakhale a m'bale weniweni, anthu n'kumati mkamwini uja ndi wonyada. Amake Lusiya, amene kale ankaimba akamasoka, anasiya kuimba. Ine ndinkati ndi ukalamba.

Malo enieni ndinawapeza mochedwa, ndipo awa si nthabwala, a Binali tcherani khutu. Thumba la nandolo. Inu a kunyanja simudziwa, koma nandolo wouma amameza chinthu: ukaika kiyi pamwamba n'kugwedeza thumba kawiri, amatsetsereka yekha mpaka pakati, mbedza singamupeze, dzanja silingamupeze, njira ndi imodzi yokha, kukhuthula thumba lonse pa mphasa kutacha n'kufufuza ndi zala. Chaka chimenecho nandolo anabereka, ndinali ndi matumba asanu ndi anayi otsamira khoma, ndinakana kugulitsa msanga, ndipo usiku uliwonse ndinkasankha thumba lina mumdima, osafuna n'kudziwa komwe kuti ndi lachingati. M'mawa amake Lusiya ankakhala pa bedi akudikira kuti apite kuchimbudzi, munthu wamkulu, wa zidzukulu, ine ndili jijirijijiri kukhuthula thumba ili ndi ilo. Tsiku lina anangoti, "Ndende ya boma imakhala ndi tsiku lotuluka." Ine ndinaseka, ndinati mayi awa ali ndi nthabwala. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimafuna nditadzimenya pakamwa.

Fulaye ataona kuti khoma lamukana, windo lamukana, anayamba kugwira ntchito ndi pakamwa. Munthu uja anali ndi mawu a anthu onse m'khosi mwake. Ankabwera pakati pa usiku n'kulira ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi, ine duu. Ankabwera ndi mawu a mlamu wanga akuti kwagwa maliro, ine duu. Anabwera ndi mawu a Lusiya, mwana wathu amene anakwatiwa ku Limbe, akuti bambo tsegulani ndafika ndi basi yausiku, amake anadzuka kuti akatsegule, ine ndinawagwira mkono n'kufunsa kuti ngati ndiwedi Lusiya tchula dzina la galu wathu woyamba, kunja kunangoti zii, kenako mapazi. Usiku wina anakuwa kuti moto, moto, anachita kubwera ndi utsi wobwereka m'thumba n'kumaupemerera pa windo, ine ndinatembenuka n'kufunda mutu. Mukumva? Kasanu ndi kawiri anayesa, kasanu ndi kawiri anabwerera chimanjamanja. Pamsika tikakumana ankandipatsa moni wa manja awiri n'kunena kuti, "Madala, inu ndinu mwala." Ndipo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, mkamwini amene anagonjetsa Fulaye, mlamu wanga akandiona ankayang'ana kumbali.

Ndiye kunabwera mvula ija. Simufuna ndikuuzeni kuti iti, ena a inu munataya abale momwemo. Masiku anayi, usana ndi usiku, osapuma, phiri osaoneka, nkhuni zonse zonyowa, nthaka ukaiponda ikutuluka madzi. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Usiku wachinayi phiri linabangula. Akuluakulu amati ndi napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, chikamasamuka kupita kunyanja chimatenga miyala, mitengo, midzi, chilichonse chili pa njira yake; a sukulu amati ndi dothi chabe lakhuta madzi. Ine ndinamuona ndi maso angawa, ndiye musandiuze. Anafika pakhomo panga, mutu kukula ngati nyumba ya chigayo, miyala ikugubuduzika patsogolo pake, anagogoda ndi mphumi, ndipo ine ndinadzuka, ndinasenza makina pamutu, ndinabereka amake Lusiya kumbuyo ndi chitenje, matumba onse asanu ndi anayi m'khwapa, ndinamenya chitseko chachitsulo chija ndi chidendene chimodzi, chinauluka ndi tcheni ndi loko yemwe, chinadutsa pamwamba pa Jenala anthu n'kumati ndi ndege, chinagwera m'nyanja muno, ndipo mukapalasa kulowera ku Chisi mudzachiona, akakowa amaterapo. Ine ndinalumphira napolo pamsana, ndinamugwira nyanga, ndinamukhotetsa kuti alambalale tchalitchi, alambalale sukulu, akafuna kuchita makani ndinkamukwapula ndi lamba wa makina, madzi ofika pakhosi ndinkawamwa n'kumalavulira kumbali mpaka kumene ndinalavulirako lero akulimako mpunga, tinatsika naye usiku wonse, mitengo ikutipatsa njira, mpaka kutacha ananditula pa dooko pano, pomwe mwakhalapo inu a Binali, makina ali pamutu osanyowa ndi dontho limodzi, ulusi uli pa singano. Ndi mmene ndinafikira kuno. Mukumva? Ndikanama...

Inu mayi a mandasi, mwati chiyani? Nanga amake Lusiyawo ali kuti? Anakutumani ndani kufunsa zimenezo? Anzanuwa amafunsa za nyanga za napolo, amafunsa kutalika kwake, inu mukufunsa za munthu. Ali ku Limbe kwa mwana wawo. Ee, ku Limbe, anatenga ndi makina omwe, akusoka kumeneko... Ayi. Musandiyang'ane choncho, mayi, mwamanga mpango ngati mmene ankamangira iwo. Ndipatseni madziwo ndimwe.

Palibe chitseko chimene ndinamenya. Chitseko chija ngakhale ng'ombe khumi sizikanachigwedeza, ndinachikonzetsa ndine, ndikudziwa. Madzi analowa kunsi kwake, akuda, ozizira, onunkha dothi la kuphiri. Amake Lusiya anayatsa tochi, anati, "Kiyi, bambo a Lusiya, kiyi!" ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo ndinawauza: ali mu nandolo. Anafunsa kuti thumba liti. Sindinadziwe. Ndinang'amba loyamba ndi mano otsalawa, ndinapisa mkono mpaka m'phewa, nandolo yekhayekha. Mphasa yokhuthulirapo inali ikuyandama, ndinakhuthulira m'madzi momwemo, ndinagwada n'kumapapasa pansi, madzi m'maondo, lachiwiri, lachitatu, madzi m'chiuno, matumba otsalawo anagwa n'kumira, nandolo akuterereka m'zala, matope akumukwirira ndikumugwira, iwo akuunika, osanditukwana, osanena kuti paja ndinkakuuzani, bola akanatukwana. Ndinakoka tcheni mpaka zikhatho zinasupuka, ndinamenya loko ndi mpando wa makina, mpando unathyoka, loko osamva kanthu, ndipo khoma langa lochindikala lija, limene ndinkalionetsa kwa alendo, linasunga madzi bwinobwino ngati mtsuko. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Kunja kunkamveka miyala yokhayokha ikuombana.

Tinakwera pa thebulo la makina tonse awiri, madzi ali m'chifuwa. Kenako ndinamva kudenga malata akulira, misomali ikuzuka umodziumodzi, mwaluso, mosataya nthawi, ndipo dzanja limenelo ndinalidziwa ndisanaone nkhope. Anali Fulaye. M'mudzi monse munthu wodziwa kulowa m'nyumba yotseka anali iye yekha, ndipo pamene anzake ankathawa iye anatenga chitsulo chake chokanulira zitseko, anakwera mu mtengo wa mango wa kuseri, anatsikira padenga langa mvula ikumumenya. Anapinda lata limodzi, anagona chafufumimba, anatsitsa mkono. Amake Lusiya anali aafupi, sanafikire. Anati, "Kwerani inu, mundikoke muli awiri." Ndikanawanyamula ine n'kuwakweza, koma nzeru imeneyo inandifika patapita masiku atatu, ine wochenjera uja. Ndinaponda pamutu pa makina awo, Fulaye anandikoka, ndinatembenuka, ndinagona pa malata, ndinatsitsa mikono yonse iwiri, ndinakhudza nsonga za zala zawo, tochi ikadali m'dzanja lawo linalo, ndipo pomwepo mwala wochokera kuphiri unamenya khoma lakumbuyo. Denga linatitenga ine ndi Fulaye n'kukatikoleka mu mtengo wa mango. Pansi, tochi inawala kamphindi m'matope, kenako inazima.

Kutacha, pamene panali nyumba panali bwalo la matope ndi miyala, osadziwika kuti khomo linali kuti. Tinakumba masabata awiri, ine, mlamu wanga, ndi Fulaye yemwe. Makina sitinawapeze, chitseko sitinachipeze, munthu sitinamupeze. Mlamu wanga sananditukwane, sanandithamangitse, anangoima ndi khasu lake nati, "Alamu, mlongo wanga tikamulirire pati?" Sindinadikire kuti andisudzule monga mwa mwambo, ndinanyamuka wapansi, ndinafika kuno mapazi atatupa, osati pamsana pa njoka. Lusiya amatumiza uthenga kuti ndipite ku Limbe akandisunge. Nkhope yake ndi ya amake, sindingathe kudya nayo mbale imodzi. Usiku ndimakhala pa gombe pano kulondera mabwato anu, osati chifukwa ndimaopa mbala, koma chifukwa ndikatseka maso manja anga amayamba okha kufufuza.

Musandimvere chisoni msanga, sindinamalize. Pali pamene ndimadumpha nthawi zonse, kwa abusa ndinadumpha, kwa mlamu wanga ndinadumpha, Lusiya sadziwa. Amadziwa ndi Fulaye yekha, ndipo mbala ija sinauzepo munthu.

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinaimba. Usiku umenewo, madzi asanafike ngakhale pakhonde, phiri litangoyamba kung'ung'udza kutali, Fulaye anabwera pa chitseko changa. Sanabwere ndi mawu a munthu wina, anabwera ndi ake enieni, anamenya chitseko ndi manja awiri akukuwa kuti, "Madala, tulukani! Phiri likubwera! Anthu akuthawira kumtunda, makina anuwo sindikuwafuna, tulukani ndi mayi!" Anapita kukadzutsa ena, anabweranso. Anapita, anabweranso kachitatu akulira. Nthawi inalipo yokhuthula matumba onse pa mphasa youma, kufufuza mosapupuluma, kutsegula, kutseka, n'kuyenda wapansi mpaka kumtunda. Amake Lusiya, Esitere, ndilo dzina lawo, Esitere, anali atavala kale, atamanga mpango, ataima pa chitseko dzanja lili pa loko. Anati, "Bambo a Lusiya, mawu awa si a munthu wofuna kuba. Munthuyu akuopa."

Ine ndinaseka mumdima, mtima uli mbee kuti ndamugwiranso. Ndinati, "Esitere, vula mpangowo ugone. Kunja kulibe kanthu, ndi Fulaye chabe."

Ndipo anandimvera. Anavula mpango, anaupinda bwinobwino, anagona.